Mipeni ya Wotchinga Kumbuyo

Ku Joni kuno ntchito yanga ndi kunola mipeni
ya pansi pa nsapato.
Kwathu ku Ntcheu ndikawauza amaseka:
"A Kaphuka, munthu n'kuyenda pa mpeni?"
Amayenda. Amathamanga.
Ena amathamanga chobwerera m'mbuyo
pa madzi oundana, mkati mwa chinyumba cha masitolo,
kunja dzuwa likusungunula phula la ku Randburg.

Lachiwiri kunabwera mnyamata, Lesedi Mothibedi,
chikwama pamsana ngati akusamuka.
Zaka zinayi ku yunivesite ya kutsidya kwa nyanja
akutchinga kumbuyo m'masewero a hoki,
koma tsiku losankhana litafika
panalibe timu yomutchula dzina.
Nkhuku yopanda khola.

Kochi Labuschagne anali ndi pepala:
kutalika kwake, makilo ake,
zigoli ziwiri chaka chathunthu.
Ziwiri! Anatsonya, nandiponyera nsapato:
"Nolani, timuone."

Sindinayatse makina msanga.
Mpeni sunama, bola udziwe kuufunsa.
Wakumanzere unadyeka mkati, cha kuchidendene:
munthu wotembenuka mdani asanamufike.
Wakumanja unali ndi zipsera zitatu
pamene kambale kakuda kanamenya chitsulo
m'malo molowa mu ukonde.
Zimenezo pa pepala panalibe.
Chigoli chimene sichinalowe, ndani amachilemba?

Atalowa m'bwalo ndinaima pagalasi, tiyi akuzizira m'manja.
Mapazi atatu oyamba ngolemera, ndisaname,
ngati tekisi yodzaza pa chitunda cha Hillbrow.
Sibusiso wathu, mphenzi ija,
anamudutsa kumanja kamodzi.
Anamudutsanso, namusiya akukumbatira mphepo.
Kochi analemba kanthu.

Kachitatu mnyamata sanayang'ane kambale.
Anayang'ana pamchombo pa Sibusiso,
poti ndodo imanama, mapewa amanama,
koma mchombo umapita kumene mwini wake akupita.
Phwa! Matabwa analira,
onse awiri chagada,
kambale kali phee pakona ngati kamwana kolakwa.
Anadzuka, nalavula magazi pang'ono,
napereka dzanja kwa mnzakeyo,
kenako n'kutembenukira kwa goloboyi:
"Ndikakutchinga maso, undikalipire."
Tsiku loyamba, munthu wopanda kontirakiti,
akupempha kukalipiridwa.

Ine kuyezedwa ndimakudziwa.
Ndinaimapo pa maloboti a ku Northriding
ndi katoni yolembedwa kuti wopenta, wa mapaipi, wa chilichonse,
mabwana akutsitsa galasi theka
kundiyeza mikono ndi maso
loboti isanasinthe.
Panalibe wopempha kuona zikhatho zanga.

Cha m'ma folo magetsi anathima.
Jenereta inatsokomola, bwalo linayamba thukuta.
Ena anathamangira mafoni awo.
Iye anatsalira mumdimamo
akubwereza kutembenukira kumanja,
kumanja, kumanjanso,
mipeni yanga ikulira kwee, kwee,
ngati wina akusenga udzu usiku.

Kochi anabwera kukachipinda kanga,
nakhala pa bokosi la zingwe.
"Mwaonapo chiyani, madala?"
Ndinati: kumanja ngofooka, aliyense waona,
ndipo kambale amakasunga nthawi yaitali
ngati ngongole ya mlamu.
Zimenezo zimaphunzitsika.
Koma kuika mwendo pamene chitsulo chikubwera,
icho simungamuphunzitse munthu,
amabwera nacho.
Ndinamuonetsa zipsera zija.
Anazisisita ndi chala, osayankha.

Amupatsa miyezi itatu.
Si ukwati, n'chibwenzi chabe,
ndipo mwina pofika Ogasiti
chikwama chija chidzakhalanso pamsana.

Lero m'mawa wasiya nsapato pa tebulo langa
ndi kapepala: "Wakumanja muukuleko pang'ono."
Ndaukula.
Zipsera zitatuzo ndazilambalala,
ngakhale mwala ukanatha kuzifafaniza.